Pamene ng'ombe isanduka ngâ€™ombe: za zilembo zosokonekera m'kompyuta

Mtsogoleri wina wa kalasi ya kufupi ndi Massangulo, m'boma la Ngaúma, anabwera kudzationetsa timabuku timene anasindikizitsa ku Cuamba. Munali nkhani zimene iye ndi ophunzira ake anatola kwa akuluakulu a m'mudzi: mmene anathawira nkhondo kulowa m'Malawi, mmene anakhalira ku Mangochi, ndi mmene anabwerera kwao podzera pa Chiponde ndi Mandimba utabwera mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Inali nchito yabwino ndithu. Ena mwa agogo amene analankhula m'nkhanizo anatisiya kale, kotero mau ao atsala pa mapepalawo basi. Koma titatsegula tsamba loyamba tinapeza kuti ng'ombe yalembedwa ngâ€™ombe, m'mudzi mwalembedwa mâ€™mudzi, ndipo dzina la boma lenilenilo lasanduka NgaÃºma.

Timabukuto anali atatigawa kale m'kalasi. Akuti mai wina amene wangoyamba kumene kuwerenga anafika pa mau oyambawo naima, nayesanso, kenaka anati, "Aphunzitsi, izi simunatiphunzitse. Kapena mutu wangawu ndiwo wouma?" Apa ndi pamene pativuta ife. Munthu wozolowera kuwerenga amangodumpha zonyansazo nazindikira yekha kuti apa akunena ng'ombe. Wophunzira watsopano satero. Iye amakhulupirira pepala kuposa mutu wake, ndipo pepala likalakwa amadziimba mlandu yekha. Wina mawa lake sabweranso.

Ambiri a inu simutaipa nokha, mumatuma mwana kapena mphunzitsi wa pasukulu. Komabe ndinu amene mumanyamula fulashi kukwera nayo chapa, ndinu amene mumalipira mapepala, ndiye ndi bwino mudziwe cimene cimacitika m'katimo. Si matsenga ai, ndipo kawirikawiri si vairasi monga amanenera anyamata a pa makina.

Mu fayilo mulibe zilembo

Tiyambe ndi cinthu cimene ambiri sacikhulupirira akacimva koyamba. M'kati mwa fayilo mulibe cilembo ngakhale cimodzi. Muli manambala okhaokha, ondondozana ngati mikanda pa ulusi, ndipo nambala iliyonse ndi ya pakati pa 0 ndi 255. Kamalo kosunga nambala imodzi yotere amakachula kuti baiti. Mukataipa mau akuti mawa, cimene cikasungidwe ndi 109, 97, 119, 97.

Kuti manambalawo asandukenso zilembo pafunika kaundula. Nonsenu muli ndi kaundula wa kalasi: nambala 1 ndi uje, nambala 2 ndi uje. Tiyerekeze kuti mwalemba zotsatira za mayeso ndi manambala okha popanda maina, ndipo pepalalo lagwera m'manja mwa mnzanu wa kalasi ya ku Mitande. Iye akaliwerenga ndi kaundula wake, wokhoza akhala wina, wolephera akhalanso wina. Pepala silinaname, kaundula wakenso alibe colakwa. Kungoti ziwirizo si zapamodzi. Zimene akatswiri amati encoding, kapena codificação pa Cipwitikizi, ndi kaundula wotere: mndandanda wonena kuti nambala yakuti ndi cilembo cakuti.

Kaundula woyamba kufala anapangidwa ku America mu 1963 nakonzedwanso mu 1967, dzina lake ASCII. Ali ndi malo 128 okha, kuyambira 0 mpaka 127. A wamkulu ndi 65, a wamng'ono 97, mpumiro 46, mfunsiro 63, nkhodolero yoongoka 39. Makaundula onse a mafayilo amene tiwachule m'nkhani ino amagwirizana pa malo 128 amenewa, ndipo Cinyanja ca masiku onse cimakwana m'menemo pafupifupi conse. N'cifukwa cake fayilo ikaonongeka sionongeka yonse: mau ambiri amakhala bwinobwino, nkumangovulala apa ndi apo.

Koma ife kuno tikukhala nyumba imodzi ndi Cipwitikizi. Maina a ophunzira athu ndi João ndi Conceição, malo athu ndi Ngaúma, Maúa, mtsinje wa Lúrio, dziko lathu ndi Moçambique. Zilembo ã, ç ndi ú mu ASCII mulibe. Popeza baiti imafika mpaka 255, panatsala malo ena 128, ndipo aliyense anawadzaza monga anafunira. Makompyuta a MS-DOS anali ndi kaundula wa Cipwitikizi wa nambala 860, momwe ú ndi 163, ç ndi 135, ã ndi 132. Windows anabwera ndi kaundula wake, 1252, mbale wake wa wina wochedwa Latin-1 wa mu 1987. M'menemo ú ndi 250, ç ndi 231, ã ndi 227. Nanga 163 ndi ciani kwa Windows? Ndi cizindikiro ca ndalama ya ku Britain. Ndiye mukatenga mndandanda wa maina umene unataipidwa pa DOS m'zaka zimene anthu ankabwerera kucoka ku Malawi, nkuutsegula pa Windows, mupeza Nga£ma, Mo‡ambique ndi Jo„o. Amene mukusunga madisiketi akale a ku parishi kapena a ku sukulu, kumbukirani zimenezi.

W wa kacipewa

Cilembo cimene cinazunzika kwambiri ndi ŵ. Amene munaphunzira sukulu ya kwaca m'Malawi mukucidziwa: nthaŵi, kudziŵa, Malaŵi. Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, ladzaza naco, ndipo mabuku a Ciyao osindikizidwa ku Malawi amalemba ŵandu ponena anthu. Ku Mandimba ndi ku Ngaúma, kumene ambiri amalankhula Ciyao pakhomo ndipo mabuku ambiri amaoloka malire kucokera ku Mangochi, cilemboci sitingacithawe ngakhale kuti ife m'nyuzi ino siticilemba masiku onse.

Tsono ŵ munalibe mu 860, munalibenso mu Latin-1 kapena mu 1252. Cinapeza malo cifukwa ca anthu a ku Wales, pakuti naonso ali naco m'cilankhulo cao: mu 1998 kunatuluka kaundula wa ISO 8859-14 momwe ŵ ndi 240. Koma ndi makompyuta angati a kuno amene ankamdziwa kaundula ameneyo? Osindikiza mabuku a zilankhulo za mu Africa ankacita zao zanzeru. Ankasankha cilembo cimene sacigwiritsa nchito, nkujambula cilembo cao pamalo pake m'fonti yaoyao. Pa kompyuta yao zinkaoneka bwino, pa pepala zinkatuluka bwino. Fayilo ikangopita kwa munthu wopanda fontiyo, cilembo cakale cija cinkabwerera pamalo pake. Kunali ngati kumata dzina latsopano pa kaundula wa m'kalasi mwanu mokha, pamene ku ofesi kudakali dzina lakale.

Mu 1991 kunatuluka Unicode, kaundula mmodzi wofuna kupatsa cilembo ciliconse ca pa dziko lapansi nambala yakeyake. Lero ali ndi zilembo zoposa 150,000, za Ciarabu cimene ana amaphunzira ku madrasa zili momwemo. M'menemo ŵ ndi 373, Ŵ wamkulu 372, ú ndi 250. Koma taonani vuto: 373 sikwana m'baiti imodzi. Panafunika njira yogawira nambala yaikulu m'mabaiti angapo, ndipo imene inapambana ndi UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anaipanga mu Seputembala 1992, milungu yowerengeka mtendere wathu usanasainidwe ku Roma. Mu UTF-8 zilembo za ASCII zimakhala momwe zinalili, baiti imodzi imodzi. Zina zimatenga mabaiti awiri, atatu kapena anai. Ŵ wamng'ono amasungidwa ngati 197 ndi 181, ú ngati 195 ndi 186.

Tsopano mutha kuona nokha kumene NgaÃºma anacokera. Fayilo inalembedwa mu UTF-8, koma pulogalamu imene inaitsegula inawerenga ndi kaundula wa 1252, baiti iliyonse payokha. Kwa iyo 195 ndi Ã, 186 ndi º. Momwemonso nthaŵi imatuluka nthaÅµi. Cilembo cimodzi casanduka ziwiri cifukwa mabaiti awiri amene anayenera kuwerengedwa pamodzi alekanitsidwa.

Kope ndi bolodi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo tikupemphani muwerenge modekha.

Mukatsegula fayilo m'pulogalamu yolembera, monga Notepad imene pa Windows wa Cipwitikizi amati Bloco de Notas, zimene mukuziona pa galasi si fayiloyo ai. Pulogalamu yakopera mau a m'fayilo kuwaika pa malo ake ogwirira nchito. Pa Cingelezi malowo amati buffer. Tikanati tiwalembe mwa Cinyanja akanakhala bafa, ndipo kalasi yonse ikanaseka, ndiye ife tiziti bolodi. Fayilo ili ngati kope limene mwalitsekera m'bokosi. Bolodi ndi pamene mwakoperapo phunziro la lero. Mungafafanize pa bolodi, mungaonjezepo, ana angalembepo zopusa, kope silikhudzidwa. Limakhudzidwa pokhapokha mukalamula kuti zosungidwa zilowedwe m'malo ndi za pa bolodi, ndiko kuseva kuja, Guardar kapena Save.

Ndiye pali kumasulira kuwiri. Potsegula, pulogalamu imasandutsa manambala a m'fayilo kukhala zilembo za pa bolodi. Poseva, imasandutsa zilembo za pa bolodi kukhala manambala a m'fayilo. Bolodi lili ndi kaundula wake, ndipo m'mapulogalamu a masiku ano ndi Unicode, kotero cilembo ciliconse cimakwanapo. Fayilo ili ndi kaundula wakenso, ndipo pulogalamu imakumbukira amene inatsegulira kuti idzasevere yemweyo.

Cobvuta n'cakuti fayilo ya mau okhaokha, ija yothera ndi .txt kapena .csv, sinena kaundula amene anailembera. Ili ngati kalata yopanda dzina la mwini wake. Pulogalamu imangolota.

Pali pulogalamu ina yochedwa Vim imene imaonetsa kulotaku poyera. Anailemba Bram Moolenaar wa ku Netherlands, naitulutsa mu 1991, ndipo mpaka imfa yake mu 2023 ankapempha oigwiritsa nchito kuti m'malo momlipira athandize ana amasiye a ku Uganda. Sitikunena kuti muiphunzire, njovuta kwa woyamba. Tikuichula cifukwa inapatsa cinthu ciliconse dzina lake. Kaundula wa bolodi imamucha encoding. Kaundula wa fayilo imene yatsegulidwa imamucha fileencoding. Ndipo ili ndi mndandanda wacitatu, fileencodings, wa makaundula oti iyese mmodzimmodzi potsegula. Imayamba kuyang'ana ngati pa ciyambi pa fayilo pali cidindo, pakuti mafayilo ena a UTF-8 amayamba ndi manambala atatu, 239, 187 ndi 191, ongodziwitsa cabe. Cidindo cikasowa imayesa UTF-8. Ikakanika imayesa kaundula wa kompyutayo, ndipo potsiriza Latin-1.

Ikadziwa bwanji kuti UTF-8 yakanika? UTF-8 ili ndi malamulo okhwima a mmene mabaiti ayenera kutsatirana. Nambala 195 iyenera kutsatidwa ndi mnzake wa pakati pa 128 ndi 191. Nambala 250 siloledwa nkomwe. Ndiye Ngaúma wolembedwa pa Windows wakale, wokhala ndi 250 pakati, amagwidwa msanga kuti si wa UTF-8. Koma Latin-1 sakana kanthu, nambala iliyonse kwa iye ndi cilembo. Cifukwa cake amaikidwa kumapeto, ndipo cifukwa comweco pulogalamu ikafika kwa iye imakhutira ngakhale yalakwa. Pakati pa 860 ndi Latin-1 makina alibe poonera. Ndi munthu yekha amene akudziwa kuti pa mseu wa ku Lichinga palibe malo ochedwa Nga£ma.

Tibwerere kwa mnzathu wa ku Massangulo. Titaika fulashi yake m'kompyuta yathu nkutsegula fayilo mwa UTF-8, mau onse anali bwinobwino. Ng'ombe inali ng'ombe. Wosindikiza uja anatsegula ndi pulogalamu yakale yosanjira masamba, iyo inalota molakwa, iye osawerenga nkusindikiza za pa bolodi. Mwai wake unali wakuti sanaseve pa fulashi. Zinaonongeka ndi ndalama za mapepala ndi za ulendo, koma mau a agogo aja anapulumuka.

Akanaseva bwenzi zitatani? Zimatengera mtundu wa colakwa. Pa bolodi pakakhala NgaÃºma nkuseva mu UTF-8, zilembo ziwiri zabodzazo zimasungidwa ngati zenizeni, ciliconse ndi mabaiti ake awiri. Wina akadzatsegulanso molakwa apeza NgaÃƒÂºma, ndipo zimangokulirakulira. Zotere wodziwa angazibweze, ngakhale ndi nchito yotopetsa. Coopsa ndi kacizindikiro aka �, mfunsiro wa m'kati mwa kabokosi kakuda. Pulogalamu imakaika pa bolodi ikakumana ndi baiti imene yalephera kuimasulira. Kaya panali ú, kaya ã, kaya ç, onse amasanduka kacizindikiro komweko. Mukaseva pamenepo, nambala yoyamba ija yafafanizika m'kope, ndipo palibe katswiri angaibweze. Mudzacita kulingalira dzina lililonse, kapena kubwerera ku kaseti ngati ilipo.

Kutaya kwina kumacitika poseva pokha. Mwataipa bwinobwino nthaŵi ndi ŵandu, pa bolodi zikuoneka bwino, koma fayilo ikusevedwa mwa kaundula amene Notepad amamucha ANSI, amene pa makompyuta athu ndi 1252 yemwe uja. M'menemo ŵ alibe malo. Vim zikatero imakana kuseva. Notepad imacenjeza kuti zilembo zina zitayika, koma ndani amawerenga timauthenga timeneto? Timangodina OK. Mapulogalamu ena amaika mfunsiro, nthaŵi nkukhala ntha?i, ena amangovula kacipewa mwakacetecete nkusiya w wamba. Ndipo simuona kanthu tsiku limenelo, pakuti bolodi likadali ndi mau abwino. Mudzaona mawa potsegulanso. Kuyambira mu 2019 Notepad wa Windows 10 amaseva mu UTF-8 mukapanda kumuuza zina, ndipo amalemba dzina la kaundula pansi pa zenera kudzanja lamanja. Koma makompyuta ambiri amene timalandira ndi akale, ndiye yang'anani kabokosi kolembedwa Codificação kapena Encoding musanadine Guardar.

Malamulo awiri ofanana maonekedwe

Pulogalamu yabwino imakhala ndi malamulo awiri osiyana, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba limati: fafaniza bolodi, ukopenso fayilo yomweyo ndi kaundula wina. Laciwiri limati: za pa bolodizi, ukadzaseva udzalembe ndi kaundula wina. Loyamba silikhudza fayilo, mungaliyese kakhumi. Laciwiri limasintha fayilo.

Mu Notepad++, imene ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa kompyuta yokalamba, onse awiri ali pansi pa mau akuti Encoding. Za pamwamba, pamodzi ndi mndandanda wa Character sets momwe muli 860 wa Cipwitikizi, ndi zowerengeranso. Za pansi zoyamba ndi Convert to ndi zosinthira. Nayenso Word, mukampatsa fayilo ya .txt imene sakuimvetsa, amatulutsa kazenera kofunsa ngati ndi ya Windows, ya MS-DOS kapena ina, nakuonetsani mmene mau aonekere. Dongosolo lake ndi ili: coyamba werengani fayilo ndi makaundula osiyanasiyana mpaka maina amene mukuwadziwa aoneke bwino, ndipo pokhapo ndi pamene musinthire ku UTF-8 nkuseva ndi dzina latsopano. Mukayamba ndi Convert mau akadali osokonekera, mwakhomera zonyansazo m'fayilo ndi misomali.

Ife tisanakhudze fayilo yakale iliyonse timayamba taikopera pena. Ena amatiseka kuti ndi mantha. Inde ndi mantha, tinaphunzira titataya mndandanda wa maina.

Si kusokonekera konse kumene kuli kwa kaundula

Nthawi zina pamalo pa ŵ pamaoneka kabokosi koyera kopanda kanthu, kapena ŵ amaoneka wosiyana msinkhu ndi anzake. Apo fayilo ili bwino, bolodinso lili bwino. Yalephera ndi fonti, ndiye kuti kalembedwe kamene mwasankha kalibe cithunzi ca cilemboco, monga mlembi amene wamva bwino mau koma sadziwa kujambula cilembo cimodzi. Sinthani fonti basi. Bungwe la SIL linapanga fonti yaulere yochedwa Andika makamaka cifukwa ca ophunzira kuwerenga: a ndi g ake amafanana ndi amene timalemba pa bolodi ndi coko, ndipo ŵ alimo.

Kusiyana kwa c ndi ch nakonso si nkhani ya kaundula. Ndi nkhani ya kalembedwe, imene anthu amagwirizana pa misonkhano monga uja unacitikira ku Maputo mu 1988 wokonza kalembedwe ka zilankhulo za dziko lino. Palibe lamulo la m'kompyuta limene lingasandutse buku la ku Malawi kukhala la kalembedwe kathu lokha. Amene mumasintha ndi Substituir, cenjerani. Ku Malawi kuchedwa ndi kufika mocedwa, ndipo kutchedwa ndi kupatsidwa dzina. M'nyuzi ino timalemba kucedwa ndi kuchedwa. Mukayamba kusintha tch kukhala ch, kenaka ch kukhala c, mau awiriwo asanduka amodzi. Yambani ndi ch kukhala c, kenaka tc kukhala ch, ndipo mukatha bwererani mukakonze Lichinga ndi Chiponde, pakuti mupeza Licinga ndi Ciponde.

Nkhodolero

Tinazolowera kuganiza kuti mdani wathu ndi ŵ, koma tikawerenga bwino, cimene cimaononga masamba ambiri a Cinyanja ndi nkhodolero. Cipwitikizi sicigwiritsa nchito nkhodolero kawirikawiri. Ife tili nayo pa mzere uliwonse: ng'ombe, ng'oma, m'nyumba, n'cifukwa, pang'ono. Ya pa kiyibodi ndi yoongoka, nambala 39, ndipo ilibe vuto m'kaundula aliyense. Koma Word ndi mafoni ena amaisintha okha kukhala yopindika kuti ioneke yokongola, ndipo yopindikayo ndi cilembo cina, nambala 8217. Mu UTF-8 imatenga mabaiti atatu, 226, 128 ndi 153, amene mu 1252 ndi â, € ndi ™. Ndi zimene mai uja anaziona.

Ngakhale zitapanda kusokonekera, nkhodolero ziwirizi zimabvutitsa pofufuza. Mukufuna kuwerenga kuti mau akuti ng'ombe apezeka kangati m'buku la phunziro, pulogalamu ikuti kawiri pamene inu mukuona kasanu, cifukwa atatu enawo ali ndi yopindika. Ŵ nayenso ali pawiri: pali wa nambala 373, palinso w wamba wotsatidwa ndi kacipewa koyenda pakokha ka nambala 770. Pa maso ndi amodzi, kwa makina ndi osiyana. Ngati anthu angapo akutaipa buku limodzi, gwirizanani njira imodzi tsiku loyamba. Mu Word, ŵ weniweni amatuluka mukataipa 0175 nkudina Alt pamodzi ndi X. Njira yodina kacipewa kenaka w, imene imagwira pa ê ndi ô, pa Windows wa kiyibodi ya Cipwitikizi imangokupatsani ^w.

Pa foni napo zilipo. Uthenga wa SMS umanyamula zilembo 160 ukakhala m'kaundula wa mafoni, koma m'menemo mulibe ŵ, ã kapena ú. Mukaikamo cimodzi cokha, foni imasamukira ku Unicode ndipo uthenga umodzi umangonyamula 70. Mukadabwa kuti uthenga woitanira anthu ku kalasi wadya ndalama za mauthenga atatu, yang'anani m'mau anu.

Potumiza nkhani ndi maina

Mafayilo a Word othera ndi .docx amanena okha kaundula wao m'kati, conco sasokonekera motere kawirikawiri. Popita kokasindikiza, cabwino koposa ndi PDF, cifukwa imanyamula masamba monga mwawasanjira, nthawi zambiri pamodzi ndi fonti yake. Komabe musalipire musanaone tsamba limodzi lotuluka m'makina, ndipo muwerenge pamene pali nkhodolero ndi dzina la Cipwitikizi. Ulendo wocoka ku Cuamba kubwerera ku Mandimba ndi wautali kuti muziona zimenezi mutafika kunyumba.

Mindandanda ya ophunzira ndiyo imafuna maso kwambiri, cifukwa imayenda ngati .csv. Excel akapeza fayilo ya UTF-8 yopanda cidindo cija, kawirikawiri amaiwerenga mwa 1252, ndipo Conceição amasanduka ConceiÃ§Ã£o. Dzina lotere likafika pa setifiketi, mwini wake adzabvutika kutsimikiza kuti ndi lake. Poseva mu Excel sankhani CSV UTF-8, imene imaika cidindoco. Mukadzaona ï»¿ pa ciyambi pa mzere woyamba m'pulogalamu ina, musadabwe, ndi cidindo comweco cawerengedwa ngati zilembo.

Kwa inu amene mumatitumizira nkhani za mbiri ya midzi yanu, tikupempha kuti pamwamba pa fayilo iliyonse muzilemba mzere uwu: Ngaúma, nthaŵi, ng'ombe, Conceição. Tikatsegula nkuupeza uli bwino, tidziwa kuti zotsatira zonse zili bwino, ndipo ukakhala wosokonekera, maonekedwe ake atiuza kaundula amene tiyese. Amene muli ndi madisiketi kapena mafayilo a zaka za m'ma 1990, musawatsegule kuti muwakonze nokha pa kompyuta ya mnzanu. Bweretsani monga alili, ndipo ngati mukukumbukira kompyuta imene anataipira ndi fonti imene ankagwiritsa nchito, lembani pa kapepala mumate pamwamba pake.